Chakudza Sichiimba Ng'oma

Akuluakulu akamanena kuti chakudza sichiimba ng'oma, kawirikawiri amakhala akuchenjeza za zowawa: matenda ogwa pakati pa usiku, njala, mlandu, imfa ya munthu amene dzulo lomweli anali kumunda. Mwambiwu timaumva pamaliro ndi pabwalo la milandu, mpaka tinazolowera kuutenga ngati mawu a tsoka. Komatu liwu lakuti chakudza silinasankhe mbali. Chabwino nachonso chimadza mwakachetechete, osatumiza mthenga, ndipo amene amazidziwa bwino zimenezi ndi anthu omwe ntchito yawo ndi yoimba ng'oma yeniyeniyo, pamodzi ndi anzawo olemba, osema ndi ojambula. Munthu atha kuimba zaka 50 dzina lake likungozungulira m'maboma awiri kapena atatu, kenaka tsiku lina lopanda chizindikiro chilichonse nyimbo yake n'kuoloka nyanja mwini wake ali mtulo. Zikatero anthu amagawanika. Ena amati luso lamukweza, ena amati wangochita mwayi. Ine ndikuona kuti mwayi ulipo ndithu, ndipo ndi waukulu kuposa mmene timavomerezera, koma ukauyandikira n'kuuyang'anitsitsa umapeza kuti uli ndi nkhope ya munthu, ndipo nthawi zambiri munthuyo akanatha kukhala mmodzi wa ife.

Gogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930 ndipo anayamba kuimba akali mnyamata. Amalawi sitinganene kuti sitinkawadziwa. Nyimbo zawo zinkamveka pa wailesi, ankaimba m'malo achisangalalo ku Blantyre ndi kwina, ndipo mu 2016, ali ndi zaka 86, anthu akufuna kwabwino anawathandiza kukafika ku America, dziko limene ankalitchula m'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier, n'kukaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Ambiri ankayesa kuti pamenepo ndiye pachimake. Koma mu 2020 Patience Namadingo, woimba wa msinkhu wa mdzukulu wawo, anayamba kukhala pansi ndi oimba akuluakulu mmodzimmodzi, kuimba nawo nyimbo zawo zakale m'kaimbidwe ka reggae ndi kujambula kanema. Atafika pa gogo Chalamanda anaimba nawonso Linny Hoo, nyimbo imene gogoyu anapekera mwana wawo wamkazi zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. Patapita chaka, kachidutswa ka nyimboyi kanawanda pa TikTok ngati moto wa m'chilimwe. Anthu a m'maiko akutali, osamva n'komwe tanthauzo la mawu ake, anayamba kudzijambula akuivinira, ndipo pofika mu Januwale 2022 atolankhani ankalemba kuti yaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Mwini nyimbo anali ndi zaka 92, kunyumba kwawo kunalibe magetsi, foni yoonerapo zimenezi analibe, ankachita kuonetsedwa ndi achinyamata a m'mudzimo.

N'chiyani chinasintha pakati pa chaka chimene nyimboyi inapekedwa ndi chaka chimene inawanda? Nyimbo inali yomweyo. Mawu a mwini wake, ngati anasintha, anasintha mokalamba. Zonse zimene zinasintha zinali kutali ndi khomo lawo. Panapezeka mnyamata wokhala ndi zipangizo zabwino, omutsatira ambiri ndi mtima wolemekeza akulu. Kunagwa mliri wa Covid-19 umene unachepetsa misonkhano ndi zoimbaimba, anthu padziko lonse n'kumathera maola pa foni. Kunalinso kutabwera TikTok, imene chaka chija gogo ankapita ku America inali isanafike m'manja mwa anthu a kunja kwa China, ndipo chakudya chake ndi kachigawo ka nyimbo ka masekondi ochepa, kosavuta kubwereza ndi kuvinira. Pa zonsezi palibe chimene gogo Chalamanda anakonza kapena akanatha kuchiona chikubwera. Chikanasowapo chimodzi, Linny Hoo ikanakhalabe yokoma monga inalili kwa zaka 20, ndipo ikanapitiriza kumveka kwa anthu omwe aja ankaimva kale.

Alipo anthu amene liwu lakuti mwayi limawanyansa. Iwo amati kulitchula n'kunyoza thukuta la munthu, ndipo nawonso ali ndi mwambi wawo: kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Amati gogoyu akanapachika gitala ali ndi zaka 60, Namadingo akanapeza yani? Mfundoyi ndi yoona, ndipo yoyenera kuilemekeza. Koma taonani mmene anthu amatcherera ngumbi. Mvula ikayamba amalambula chulu, amakumba kadzenje n'kuikamo mphika kapena chitini, amaimika timitengo n'kufolera ndi udzu kapena masamba a nthochi, n'kusiya kampata kolowera kuwala pafupi ndi dzenjelo, kuti ngumbi zikatuluka zithamangire kuwalako n'kugwera mumphikamo. Wosakonza chulu amadyera ngumbi kwa anzake, zimenezo palibe angatsutse. Komabe wokonza chulu sauza ngumbi tsiku lotuluka. Pali chulu china chimene munthu amachikonza bwinobwino, kuchilondera mpaka kulumidwa ndi udzudzu, nyengo yonse n'kutha osatuluka kanthu, pamene cha mnzake, chokonzedwa ndi manja a luso lomwelo, chadzaza ndowa usiku umodzi. Khama ndi lofolera chulu. Zotulukamo zili ndi nthawi yake, imene wofolera saidziwa.

Amene akukayika akumbukire malemu Allan Namoko wa ku Thyolo. Anali wosaona, ndipo banjo yake, pamodzi ndi ng'oma zokhoma okha za gulu lake la Chimvu River Jazz Band, inatulutsa kaimbidwe kamene mpaka lero oimba a gitala amayesa kukatsanzira osakafika. Nyimbo monga Lameki ndi Ana Osiyidwa zinamveka pa wailesi ya MBC kwa zaka zambiri, m'nyumba za olemera ndi osauka omwe. Pa nkhani ya khama, ndani angamuphunzitse munthu woyenda mtunda wautali chogwiridwa dzanja kuti akaimbe pamsika? Komabe Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, linali litangokhazikitsidwa mu 1992, likadali lakhanda. YouTube inabwera mu 2005, patatha zaka 10 iye ali m'manda. Kunena kuti Chalamanda anafika pamene anafika chifukwa cha khama lokha n'chimodzimodzi kunena kuti Namoko anaperewera khama, ndipo munthu aliyense amene anamvetserako banjo ija amadziwa kuti limenelo ndi bodza. Chimene chinasiyanitsa awiriwa, mwa zina, n'chakuti mmodzi anapatsidwa masiku ambiri mpaka nyengo inamupeza, winayo nyengo inafika atapita.

Timakonda kukana mwayi chifukwa kuukana kumatipepukira tonse. Wopambana kumamusangalatsa kumva kuti zonse anazikumba ndi khasu lake. Ife omvera kumatichotsera mlandu, pakuti ngati luso lenileni limadzitulukira lokha, ndiye kuti amene sanatuluke analibe luso, ndipo palibe chimene tinalakwa pomudutsa pamsika osaima. Kuipa kwake kumaoneka mwa achinyamata. Mtsikana wolemba ndakatulo kapena mnyamata wopeka nyimbo akauzidwa tsiku ndi tsiku kuti wolimbikira aliyense amafika, zaka n'kumapita iye osafika, amayamba kudziweruza yekha. Ena amasiya. Ena amataya mawu awo n'kuyamba kutsanzira chimene chatchuka mwezi umenewo, poganiza kuti chinsinsi chili m'kaimbidweko, osadziwa kuti mnzawoyo chinamukweza ndi tsiku limene munthu wina anadutsa.

Tsono pali ena amene amagwera mbali inayo. Iwo amati ngati zili choncho, zonse ndi mwayi basi, kuvutika n'kwachabe, munthu angokhala n'kumadikira nthawi yake. Awa mbiri ya abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, iwayankhe. Banja lawo linakhalako ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndipo kumeneko anyamatawa anatola kaimbidwe ka kwela, ka chitoliro chachitsulo ndi gitala, kamene kanatchuka ku Joni m'zaka za m'ma 1950. Pamene iwo ankakaimba m'misewu ya Blantyre m'ma 1960, kwawo kwa kwela kanali katayamba kale kuzilala, malo ake atatengedwa ndi saksofoni ndi magitala amagetsi. Mwa kuwerenga kwa msika, anyamatawa anali atachedwa. Koma mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawamva akuimba, ndipo chimene chinkaoneka ngati kuchedwa chinasanduka chuma chawo: anali atasunga ndi kukulitsa chinthu chimene eni ake anali kuchitaya. Kukumana kwa tsiku limenelo kunali kwa mwayi. Zotsatira zake sizinali za tsiku limodzi. Daniel anaimba mpaka imfa yake mu 1987, Donald anayenda maiko ambiri mpaka 2001, ndipo kumudzi kwawo kwa Singano kunakhala malo osungirako ndi kuphunzirirako nyimbo ndi miyambo. Paja nyimbo imodzi sachezera gule. Mlendo uja akanapeza anyamata odziwa kanyimbo kamodzi, akanajambula, kuthokoza, n'kupitirira ulendo wake. Anabwererabwerera chifukwa nkhokwe inali yodzaza, ndipo inadzazidwa m'zaka zimene panalibe amene ankayang'ana.

Chimodzimodzi Madalitso Band, anyamata awiri amene kwa zaka zambiri ankaimba m'misewu ya Lilongwe. Mmodzi amakhalira babatoni, chiimbiro cha chingwe chimodzi chokhala ndi mtengo wautali wolumikiza ku ng'oma ya chikopa, winayo ali ndi gitala la zingwe zinayi, chidendene chake chikumenya ng'oma pansi. Wojambula nyimbo wina wa mumzinda momwemo anawamva n'kuima. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuyenda ku Ulaya. Chimene chinagwira anthu kumeneko ndi kugwirizana kwa awiriwa, koti wina akapuma mnzake wadziwa kale, ndipo kugwirizana kotere sikugulidwa. Kunaumbidwa pa dzuwa la m'misewu, pamaso pa anthu othamangira minibasi amene sangaime ngati nyimbo siikuwakoka mwendo.

Pofika pano mwambi wina umadzilowetsa wokha: mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mbiri ya luso la kuno yadzaza ndi alendo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo pa nthawi imene bungwe lina la ku London loona za zilankhulo ndi miyambo ya mu Africa linkachititsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za kuno. Bukuli linapambana mu 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, lomasuliridwa ndi Cullen Young. Anyamata a Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu cha ku Balaka pamene wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, anaima n'kuwamva. Chimbale chawo chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anakaimba ku chikondwerero cha WOMAD ku England. Brennan yemweyo anajambula nyimbo za akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba mu 2013, chimbale chake n'kusankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy kumapeto kwa 2015, koyamba m'mbiri ya Malawi. Wina atha kudandaula, ndipo kudandaula kwake n'komveka, kuti mwayi wotere uli ndi mtengo wake. Mlendo amasankha chimene chakoma m'khutu lake. Kawirikawiri amafuna gitala la chitini ndi waya wa mabuleki a njinga, ndipo woimba wa luso lofanana amene wagwira kiyibodi amamudutsa. Pamenepa mwayi umayamba kuumba luso, achinyamata n'kumaphunzira kuoneka mmene alendo amafunira. Ngoziyi ndi yeniyeni. Koma funso lopweteka kwambiri likuloza kwa ife eni mudzi. Msewu wa ku Balaka uja pamadutsa magalimoto ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa okweramo ndi Amalawi, ena mwa iwo eni masitudiyo, aulutsi ndi anthu a ndalama. Kalumo ka mlendo sikanali kakuthwa kuposa kathu. Iye anangotsika m'galimoto. Ndipo nkhani za Chalamanda ndi Madalitso zikuonetsa kuti mwana wa pakhomo akatsika, zimachitikanso.

Nthawi nayonso, imene timaitchula ngati mphepo yongoomba yokha, mbali yaikulu imapangidwa ndi anthu. Kwa zaka 30 kuchokera mu 1964 dziko lino linali ndi wailesi imodzi, ndipo kuyambira mu 1968 kunali lamulo lopatsa mphamvu bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Khomo linali limodzi, ndipo alonda ake anali ndi mantha awo. Jack Mapanje anatulutsa buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, mu 1981. Mu 1987 anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu, n'kutuluka mu 1991. Patangopita zaka zitatu, Lucius Banda wa ku Balaka anatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chokhala ndi nyimbo zokamba poyera za mabala a ulamuliro umene unali kutha, ndipo makaseti ake anafika m'mabasi ndi m'magolosale a dziko lonse. Luso la Lucius palibe amene angalikayikire, pakuti analitsimikiza kwa zaka 30 mpaka imfa yake mu 2024. Koma nyimbo zomwezo zikanatuluka mu 1984 zikanamutengera kumene kunapita Mapanje. Chinamutsegulira njira ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha mu Meyi 1994, ndiye kuti anthu wamba amene anaima pamizere kukaponya voti. Iwo sankadziwa kuti akukonzera woimba wina nyengo, monganso woimbayo sanawatume. Ndi angati a luso ngati lake amene unyamata wawo unathera mkati mwa zaka 30 zija, nyimbo zawo n'kufera m'mutu, palibe kaundula amene anawalemba.

Pali chinanso chimene okonda nkhani zokoma amachilumpha. Mwayi ukhoza kufika, phindu lake n'kutsikira pakhomo pa ena. Pamene Linny Hoo inali m'mafoni a anthu mamiliyoni, atolankhani omwe aja ankalembanso kuti mwini wake sanali kuona ndalama zolingana ndi kutchukako. Wina anganene kuti bola dzina linamveka, ndipo n'zoona kuti kulemekezedwa uli moyo ndi chinthu chachikulu, chimene Namoko sanachilawe mokwanira. Koma dzina siligula feteleza, ndipo mwayi wofika munthu ali ndi zaka 92 sungabweze zimene ukanachita ali ndi zaka 40, pamene akanatha kuyenda maiko, kujambula zimbale ndi kuphunzitsa ana sukulu ndi gitala lake. Apa mpamene nkhani ya mwayi imakumana ndi zinthu zooneka zouma: mapangano olembedwa, kulembetsa nyimbo ku bungwe loteteza umwini, kudziwa amene akutolera ndalama pa intaneti ndi kumene zikupita. Nkhanga zinapangana kusanapse. Woimba wa kumudzi sangapangane yekha ndi makampani a kutsidya kwa nyanja amene sadzawaona n'komwe. Zimenezi zimafuna malamulo ogwira ntchito, mabungwe amphamvu ndi achibale odziwa kuwerenga pepala asanasaine, ndipo ziyenera kukhalapo tchire lisanayake, chifukwa likayaka zonse zimachitika m'masabata ochepa.

Mu 1950, ndiponso mu 1958, Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi galimoto yodzaza zipangizo, akujambula oimba bangwe, kalimba, ng'oma ndi amayi oimba pamtondo. Zimene anajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, ku Makhanda m'dziko la South Africa, ndipo mdzukulu wa woimba wina atha kumva mawu a agogo ake amene sanawaonepo. Midzi imene galimotoyo inafika inali yochepa. Kuseri kwa phiri, kumene msewu unali woipa kapena mtsinje unali utadzaza sabata imeneyo, kunalinso oimba, ndipo ena mwa iwo ayenera kuti ankaposa amene anajambulidwa. Lero foni ya m'thumba mwa mphunzitsi wa pulayimale kapena wogulitsa mayunitsi imajambula mawu ndi zithunzi zomwe, popanda galimoto kapena injini ya magetsi. Koma chigayo chafika pafupifupi paliponse, ndipo mtondo ukugona kuseri kwa nkhokwe. Amayi amene amadziwa nyimbo zosinjira, zija zodandaula za mwamuna woledzera kapena mpongozi wovuta mawu ake akugwera pamodzi ndi munsi, ambiri ndi okalamba tsopano, ndipo adzukulu awo amapita kuchigayo ndi thumba panjinga.